Atsibweni anga akuti asiye munda wa tiyi akaime pa uphungu, tiwalole?

Mayi wa ku Limbuli:
Abale, ndithandizeni maganizo. Atsibweni anga, amene anandilera amayi atamwalira, ndi mlimi wa tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje. Munda si waukulu, koma mukaufika mudziwa kuti mwini wake sagona: tiyi wosadzidwa bwino ngati tebulo, m'mphepete nanazi, kumtunda nandolo. Zaka zambiri akhala wapampando wa kalabu ya alimi. Tsiku logulitsa masamba amaima pambali pa sikelo, maso pa muvi, kuti mayi aliyense alemberedwe makilo ake enieni. Namondwe wa Freddy atativuta mu Malichi 2023, iwo ndiwo anayamba kutsika ndi khasu kukafukula anthu m'matope.

Chiyambire pamenepo mafumu ndi akulu ampingo sakuchoka pakhonde. Akuti mu 2030 muime ndinu, tatopa ndi anthu ongotikumbuka nthawi ya kampeni. Atsibweni ayamba kuvomera, mpaka akukamba zogulitsa ng'ombe yamkaka, yomwe imalipirira ana fizi. Sukulu analekeza Fomu 2. Ine mtima uli m'mwamba. Alipo amene anaonapo mlimi weniweni atalowa m'Nyumba ya Malamulo? Zinatha bwanji?

Agogo a ku Thekerani:
Mwanangu, ine ndinaziona m'nyumba mwathu momwe. Achimwene anga anali mlimi wa nthochi, malole ankachita kudikirira pamunda pawo. Anaima paokha, anapambana, tinavina mpaka mbandakucha. Sabata isanathe, tambala akamalira pakhomo pakhala kale anthu. Alamu anga anagula kope lolembamo: uyu bokosi la maliro, uyu fizi, uyu thiransipoti yokaonera wodwala ku Queens, awa mpira ndi mayunifolomu. Galimoto imene anatenga pangongole inasanduka yonyamula maliro, mkati munkangomveka fungo la mankhwala opopera. Ukakana mmodzi, mudzi wonse umva kuti watukumuka.

Chimene chinandiwawa ndi munda. Iwo ali ku Lilongwe, aganyu ankangolima m'mbali mwa msewu poonekera, mkati tchire lokhalokha. Teremu imodzi itatha anagwa, nabwerera ndi ngongole ya galimoto ija ndi BP. Komabe sindinganame, mlatho umene anaumenyera ulipo, ana sajombanso kusukulu mtsinje ukadzaza. Achimwenewo akamadutsapo pa njinga amatsika, n'kumaugwiragwira.

Mphunzitsi, Luchenza:
Mayi, yambani ndi lamulo. Ndime 51 ya Malamulo oyendetsera dziko imati woimira akhale wa zaka 21 kapena kuposa, komanso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. M'Nyumbamo zonse n'za Chingerezi, mabilu ndi bajeti ndi mabuku ochindikala. Aphungu tsopano alipo 229, ndiye wamanyazi amangowomba m'manja zaka zisanu. Ayambe lero kuwerenga nyuzipepala mokweza madzulo aliwonse. Muwauzenso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti, ngakhale anthu adzawapemphabe.

Mnyamata wa ku Masambanjati:
Agogo, pepani, koma ine ndikuti apite. Nthenda ya chisaka itatha nthochi zathu, makolo athu anazula mitsitsi akulira, ndipo ambiri sanadzukenso. Mu 2017 India atachepetsa kugula nandolo, bambo anga anasunga matumba mpaka anafumbwa chifukwa mtengo wa mavenda unali wochititsa manyazi. Zinthu zoterezi amazimva kuwawa ndi munthu amene anazisenza pamutu. Nanga nkhani ya malo? Kuno munthu kamunda kake n'kosakwana ekala, kutsidya kwa msewu tiyi wa esiteti mpaka pomwe maso alekezera. Chingerezi amaphunzira, Aphunzitsi, koma kudziwa kulemera kwa dengu la masamba onyowa pamsana sikuphunziridwa m'kalasi.

Mayi wa ku Limbuli:
Zikomo nonse. Dzulo ndinawawerengera zonsezi tili pakhonde, azakhali akusenda chinangwa. Pa za Chingerezi anangoseka, akuti wailesi ya Nyumba ya Malamulo amaimvera kale ndipo amatola zambiri. Koma nditafika pa munda wa achimwene anu, Agogo, anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kumtunda kuli tiyi wawo. Kenako anafunsa kuti, "Nthochi zija anadzalanso?" Ndiye ndikufunsani, Agogo, anadzalanso?

Azakhali anena poyera kuti ng'ombe sigulitsidwa, ofuna phungu asonkhe okha. Mafumu akubweranso Loweruka.