Allotment mu Okutobala: ndikolole chani, nanga munda ndiusiye bwanji?

Make_Twins_Leeds:
Moni nonse amene mumalima kuno ku UK. Ine allotment, timinda tochita lendi tija, andipatsa chaka chomwe chino nditadikira mpaka kuiwala kuti ndinalembetsa, ndi hafu puloti, ndiye ndinangodzala chilichonse chimene mtima unafuna, maungu, kachewere, tomato, mpiru, rape ndi chimanga choyera chija timadya kwathu. Pano m'mawa kwayamba kuzizira ndipo maneba onse ali bize, wina akuyala makatoni, wina akutembenuza munda wonse, wina waphimba ndi pepala lakuda, ine ndangoti kakasi. Chimangacho chatalika kuposa shedi koma ndevu zangotuluka kumene, ndichisiye mwina chikhwima? Maungu ndithyole liti? Mapesi ndi zinyalala nditenthe ngati kumudzi? Nanga pali chodzala nthawi ino kapena tizingotseka geti mpaka Epulo?

Madala_a_Luton:
Mayi, chimangacho chikhululukireni, chaka chino sichipsa. Chimanga cha kwathu chimadikira kuti masiku afupike ndiye chitulutse ngaiyaye, tsono kuno Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, icho chimangokula msinkhu basi, pomwe chizidzati ndibereke chisanu chafika kale. Chaka chamawa funani mbewu yocha msanga, muyambitse m'timapoto pawindo mu Epulo, muwokere kumapeto kwa Meyi chisanu chitatha, ndipo mudzale mothithikana mizere ingapo pamodzi osati mzere umodzi wautali chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo.

Maungu thyolani sabata ino, musadikire chisanu, usiku umodzi wokha chikagwa mukapeza masamba onse ada bii atagona pansi. Dzungu lililonse mudule ndi kachingwe kake kotalika ngati chala, osanyamulira pamenepo, muwaike pawindo la dzuwa masiku 10 kapena milungu iwiri khungu lilimbe, amafika Khrisimasi bwinobwino. Ndipo musanazule, thyolani nkhwani yense wanthete, mumusadzule, mumuviike m'madzi owira pang'ono kenako mufiriji yowumitsa ija, mfutso wa kuno ndi umenewo chifukwa dzuwa loyanikira kulibe. Kachewere kumbani yense pano tsiku lopanda mvula, mukachedwa nkhono zija zopanda chigoba zimaboola mkati. Aume maola ochepa, musatsuke, muike m'thumba la pepala pamdima, wabiriwira musadye. Tomato wosapsa muike mukatoni ndi nthochi imodzi apsa yekha.

NaPhiri_Glasgow:
Achemwali zotentha zo ayi ndithu, yambani mwawerenga pepala la agrimenti munasaina lija, malo ambiri moto analetsa kapena amaloleza miyezi yowerengeka, mungalandire kalata ya komiti pa zinthu zazii. Komanso mapesiwo ndi manyowa anu a chaka chamawa, aduleni tizidutswa muponye pa mulu wa kompositi kusakaniza ndi masamba aawisi. Chokhacho ine sindiponyapo ndi kachewere wowola ndi chiwawu, ameneyo ndimapita naye kubini, ndipo pokumba muonetsetse kuti simunasiye olo kamodzi m'nthaka chifukwa nthendayo imagonera mmenemo.

Amakatoni aja akupanga zimene kuno amati no dig, amene anazitchukitsa kwambiri ndi Charles Dowding wa ku Somerset, mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube. Kunena zoona ndi mtayakhasu yemwe uja alangizi amatiuza kwathu. Mumachotsa selotepu pamakatoni, kuyala pamwamba pa udzu mopsatirana kuti pasakhale mpata, kuthira madzi kenako kompositi kapena manyowa owola bwino pamwamba, olo masentimita 5 pomwe munalima kale, pomwe pali tchire muonjezere. Nyongolotsi zimagwira ntchito yonse inu muli m'nyumba pa hita. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu timaphimbira ndi mapesi chifukwa mdani ndi dzuwa, kuno mukayala mapesi kapena udzu wosawola mwamangira nkhono nyumba, mbande zanu za Meyi zidzatha usiku umodzi. Chachikulu nthaka isagone pamtunda dzinja lonse, nyengo yozizira ija, mvula ya kuno siyamphamvu koma siyikata, imatsuka chonde pang'onopang'ono.

Madala_a_Luton:
Kkkk a NaPhiri mwayamba kulalikira makatoni. Ine sindikutsutsa koma kompositi yodzadza puloti si yaulere, puloti yathunthu ndi pafupifupi masikweya mita 250, olo hafu yakeyo mawilibala ake ndi angati? Ine dothi langa ndi lamakande, ndimatembenuza ndi fosholo Novembala asanafike n'kusiya zibuma zikuluzikulu choncho osaphwanya, chisanu chimaphwanya chokha, pofika Malichi ndimangodutsa ndi reki. Koma dothi likamamatirira kunsapato musakumbe ndipo musapondepo, mukulipanga njerwa. China, ngati muli ndi couch grass, udzu uja wonga kapinga wa mizu yoyera yoyenda pansi, kapena bindweed, tchire loyanga lija, musalole munthu akubwerekeni rotavator, makina otipulira aja, kachidutswa kalikonse kamamera pakokha. Foloko ndi manja basi, ndipo mizuyo isapite pa kompositi.

NaPhiri_Glasgow:
Madala msana wanuwo mudzatiuza mukafika 70. Za mtengo mukunena zoona, nchifukwa chake ine ndimatola masamba ogwa m'mitengo, nthawi yake ndi inoyi, kuthira m'majumbo akuda, kuboola timabowo, kunyowetsa, kuiwala chaka chimodzi kapena ziwiri, amasanduka manyowa. Koma achemwali manyowa a mahatchi amene amabwera nawo pageti aja muziyamba mwayesa. Pali mankhwala opha udzu otchedwa aminopyralid amene amapopera m'mabusa, hatchi ikadya udzuwo mankhwala amatuluka ndi ndowe osafa, ndiye tomato, kachewere ndi nyemba zimamera masamba opiringizika ngati zalodzedwa. Tengani pang'ono musakanize ndi dothi mukapoto, mudzale nyemba zingapo pawindo, zikamera bwino milungu itatu kapena inayi ndiye muthire m'munda.

Kabaza_Notts:
Anti osatseka geti, zodzala zilipo. Adyo nthawi yake ndi pano mpaka Novembala, amafuna kuzizira kuti agawike mano, mukadzala mochedwa amangokhala chimutu chimodzi ngati anyezi. Gulani wambewu ku garden centre, kansonga kayang'ane kumwamba, mudzakolola Juni kapena Julayi. Anyezi timitu tija amati sets naye alipo wa dzinja, Radar kapena Senshyu, mbalame zimakonda kumuzula ndiye muzikabwezeretsa. Ma broad beans, nyemba zikuluzikulu zija, mtundu wa Aquadulce Claudia umapirira chisanu, kungoti mbewa zimafukula. Pomwe mulibe chodzala wazani nyemba zotchedwa field beans kapena rye, mbewu yonga tirigu, kuti nthaka ivale, mudzadula isanachite maluwa.

Rape musazule, amapirira ndithu, ingomuphimbani ndi neti chifukwa nkhunda za kuno zikakhala ndi njala zimasiya mitsitsi yokha. Ngati pamalo panupo pali a ku Zimbabwe apempheni nthambi za covo, mumangobaya pansi imagwira, ndiwo mpaka chaka chamawa. Koma mpiru, rape, kabichi ndi covo ndi banja limodzi, osabwereza malo omwewo chaka ndi chaka chifukwa cha clubroot, mizu imatupa ndipo nthendayo ikalowa imakhala m'nthaka zaka mpaka 20. Jambulani pafoni pomwe panali chakuti chakuti, pofika Epulo mudzakhala mutaiwala. Pomwe mudzaike zamasamba mutha kuwaza laimu, koma osati nthawi imodzi ndi manyowa. Chinanso malo ambiri amatseka madzi a pampopi m'dzinja ndipo mawotchi akabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la mwezi uno 5 koloko kumakhala kutada, zopita mukaweruka zatha, ndiye ma weekend awiri atatu akubwerawa ndi amene muli nawo.

Make_Twins_Leeds:
Ayi zikomo nonse mwandimasula. Loweruka ndikathyola maungu ndi nkhwani, chimanga ndikadula ngakhale mtima ukuwawa. Kumbali kuli udzu wa mizu yoyera uja ndikumba ndi foloko monga anenera madala, kwinako makatoni, tidzaone mu Epulo amene wawina pa awirinu. Koma makatoni ochuluka choncho mumawapeza kuti?

Kabaza_Notts:
Mashopu a njinga anti, makatoni ake ndi aakulu ndipo ambiri amangopereka mukapempha. Tengani a bulauni okhaokha, onyezimira aja asiyeni, ndipo muzule ma staple musanayale. Mupite ndi galimoto, m'basi sakwana.