Ndiwakweze kupita Sitandade 3 kapena abwereze kalasi?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo a pagulu pano, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina yakumudzi m'boma la Mulanje, moyandikana ndi maesiteti a tiyi, ndipo teremu yachitatu ikupita kumapeto. M'kalasi mwanga muli ophunzira oposa 100, ndipo ambiri mwa iwo satha kuwerenga paokha chiganizo chachifupi cha Chichewa. Malembo amawadziwa, koma akafika pa maphatikizo monga "mba" kapena "nkhwa" amaima n'kuyamba kuyang'ana pakamwa pa mnzawo. Ndikamawerenga mokweza onse amanditsatira ngati kwaya, moti munthu wodutsa pawindo akhoza kundiyamikira, koma ndikaloza mawu amodzi pabolodi n'kuitana mwana mmodzi, kalasi yonse imangoti zii.

Ahedi atiuza kuti chaka chino tichepetse obwereza, chifukwa mu Seputembala kukubwera khamu lina kuchokera ku Sitandade 1. Sindingawanene kuti akulakwa. Chipinda chathu chimodzi chinagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo sichinamangidwebe, n'chifukwa chake makalasi awiri tinawaphatikiza. Ndikudziwanso kuti mwana amene wabwereza kawiri amakula msinkhu, amachita manyazi kukhala pansi ndi ana aang'ono, ndipo mapeto ake timamupeza akugulitsa nanazi pamsewu.

Komabe mtima wanga sukuvomera. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pamene ana a m'sukulu za pulayimale anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ntchito yathu yakhala yolowetsa ana pakhomo, osati kuonetsetsa kuti aphunzira. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, ndipo ndondomeko yophunzitsira kuwerenga imene inayamba mu 2016 ndi yabwino ndithu, koma imafuna kuti mwana aliyense agwire buku lake ndiponso kuti mphunzitsi amumve akuwerenga. Kwathu kuno ana anayi amagwirizira buku limodzi long'ambika, ndipo wa kumapeto amaliona chammbali. Nthawi ya dzinja, pamene tiyi wachuluka, makolo amalawirira kukathyola, ndipo atsikana okulirapo amatsala pakhomo kulera ang'ono awo. Tsiku la msika ku Limbuli nalonso limatichotsera ana. Ambiri amene sajomba amakokedwa ndi phala la pasukulu, ndipo sindikuwanena, chifukwa njala siphunzira.

Ndikawakweza, mnzanga wa Sitandade 3 adzalandira ana osadziwa kuwerenga, iyenso adzawakankhira kutsogolo, mpaka adzakumane ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Kodi inu mukanakhala pamalo panga mukanatani?

Mayankho

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Aphunzitsi, musawaike ana onsewo mumtanga umodzi. Khalani pansi ndi mwana aliyense payekha, ngakhale pansi pa mtengo nthawi yopuma, ndipo muwagawe. Amene akudziwa malembo ndi maliwu ake koma akuchedwa pophatikiza, akwezeni, chifukwa otere amatseguka mwadzidzidzi akapeza womuthandiza. Amene sakuzindikira ngakhale "a e i o u" abwereze, koma muonetsetse kuti chaka chamawa akhala kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Kubwereza kumene kumapha mwana ndi kuja komubwezera pakona yomwe ija, kumbuyo, n'kumuphunzitsa monga munachitira chaka chatha. Mukapite kwa ahedi ndi mndandanda wa mayina ndi zimene mwana aliyense akutha, osati chiwerengero chokha, ndipo zikavuta mupemphe a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'dera lanu, adzaone okha.

Kholo, Bvumbwe: Ine ndi mayi, si mphunzitsi, koma ndikupempha kuti mutiitane ife makolo musanagamule. Wanga anafika Sitandade 4 ndikukhulupirira kuti amawerenga, chifukwa lipoti lake linkalembedwa kuti wakhoza. Ndinazindikira tsiku limene ndinamupatsa kalata ya kutchalitchi kuti andiwerengere, iye n'kuyamba kulira. Akanandiuza msanga ndikanamupezera mkulu wake woti azikhala naye madzulo.

Mphunzitsi wa Sitandade 3, Thyolo: Ine ndine amene ndimalandira ana oterewa, ndiye ndinene mosabisa kuti silabasi sidikira munthu. Ngati mukuwakweza, mugwirizane ndi mnzanu wa kalasi yotsatirayo kuti milungu yoyambirira ya teremu yoyamba abwerere ku maphatikizo, ndipo komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group athandize kulondola ojomba.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Luchenza, ndiyamba kuwayesa mmodzimmodzi Lolemba likubwerali. Chimene chikundivutabe ndi ana aakulu msinkhu amene abwereza kale kamodzi koma malembo sakuwadziwabe. Kodi amenewa ndiwaike mbali iti, poti ndikawabweza kachiwiri ndikudziwa kuti ena mwa iwo sadzabweranso mu Seputembala?