Nyimbo yoyamba ya sewero lathu anthu aikonda, koma aimva mosemphanitsa

Wa Kiyibodi analemba:

Abale, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu la zisudzo likukonza sewero loimba, lija loti nkhani yambiri imayenda ndi nyimbo, ndipo wopeka nyimbozo ndine. Zilipo 14. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi kuti tikwere pa siteji, ndiye Lachisanu lapitali tinaponya imodzi pa Facebook kuti anthu alaweko.

Seweroli ndi la mayi amene mwamuna wake anachoka osatsanzika, n'kudzatulukira patatha zaka 9 ali ndi kachikwama kamodzi ndi chifuwa chosatha. Nyimbo tatulutsayi mayiyo amaimba usiku woyamba bamboyo atabwera. Mawu ake ndi ozizira bwino: akuti wakhululuka, chitseko sanakhomepo, zakale zapita. Koma pa siteji, pakamwa pakuimba zimenezo, manja akuchita zina. Akutulutsa mapepala a nyumba m'sutikesi, kung'amba msoko wa pilo wake, kuwalowetsamo n'kusokanso, maso ali kuchitseko cha kuchipinda. Nyimbo yonseyo ndi bodza lokoma. Ndinachita kuikamo dala kanoti kamodzi, kaliwu ka m'nyimbo, kumapeto kwa kolasi koti khutu lisakhazikike, womvera amve kuti pali chimene chatsala.

Ndiye taonani makomenti. "Amen" ali mbwee. Bambo wina walemba kuti waitumiza kwa mkazi wake amene sakulankhulana naye. Mtsikana wina akupempha kuti ikaimbidwe pa ukwati wa mkulu wake. Pa anthu onsewo, mmodzi yekha ndi amene anafunsa kuti, "Bwanji kolasi ikutha ngati munthu wasiya mawu panjira?" Ndinalakalaka kumukumbatira munthu ameneyo.

Wotsogolera sewero akuti tisiye choncho, matikiti ayamba kuyenda. Mtsikana woimba nyimboyi ndiye mtima uli m'mwamba, akuti anthu adzamukwiyira akadzaona kuti anawapusitsa. Ine ndili pakati. Ndiulule zimene nyimboyi ikutanthauza, kapena ndikhale chete?

Mayi wa Alto anayankha:

Achimwene, musaulule kanthu. Zimene zakuchitikiranizi si zachilendo. Nyimbo ya Don't Cry for Me Argentina inatuluka mu 1976 itaimbidwa ndi Julie Covington, ndipo kumayambiriro kwa 1977 inafika pa nambala wani ku Britain, sewero lake la Evita lisanaonetsedwe n'komwe. Linadzayamba mu 1978 ku London. Kwa nthawi yonseyo anthu ankaiimba ngati nyimbo yochokera pansi pa mtima. Atapita kukaonera anapeza kuti ndi mawu a munthu wandale wa ku Argentina, Eva Perón, ataima pakhonde la nyumba ya boma kunyengerera khamu la anthu, pomwe pambali pali munthu wina womutsutsa sewero lonse. 

Anthu anu a "Amen" aja ndiwo adzapume mozama akadzaona pilo uja akung'ambidwa. Mwawakonzera kale msampha osadziwa. Muuzeni mtsikanayo aimbe ngati akukhulupirira mawu aliwonse, asayese kutsinzinira omvera diso.

Wampando Wakumbuyo anayankha:

Amayi, ndikugwirizana nanu theka lokha. Ine sindiimba, ndimangogula tikiti n'kukhala kumbuyo, choncho ndilankhula ngati woonera. Nyimbo yoyamba imene munthu wamva imamuuza kuti avale mtima wotani pobwera. Mu 1962, sewero loimba lanthabwala la wopeka nyimbo Stephen Sondheim, A Funny Thing Happened on the Way to the Forum, linkalephera pamene ankaliyesa ku Washington. Anthu sankaseka. Jerome Robbins, katswiri wotsogolera masewero, ataliona anati vuto ndi nyimbo yotsegulira, yomwe inali yachikondi, yofatsa, moti anthu ankayembekezera sewero lina. Anaichotsa n'kuikapo yonena poyera kuti usiku uno n'kuseka basi. Ku Broadway, dera la zisudzo ku New York, linaonetsedwa maulendo opitirira 900.

Ndiye inu mwaitana anthu ofuna kuona banja likubwererana. Ena adzabwera atagwirana manja ndi amene anawalakwira. Kudabwitsa munthu ndi kwina, kumuchititsa manyazi pamaso pa amene wakhala naye pafupi ndi kwinanso. Musaulule za pilo, ayi. Koma tulutsani nyimbo yachiwiri yokhala ndi mano, anthu adziwe kuti m'nyumba imeneyi simuli mtendere wokhawokha.

Wamawaya anayankha:

Bwana, funso langa ndi limodzi: kanoti mukunenako kali m'dzanja liti pa kiyibodi? Ndamvera nyimboyo kawiri, pa foni kenako pa mahedifoni, ndipo ndi nyimbo ziwiri zosiyana. Kanoti kanu kali pansi, ku dzanja lamanzere. Sipika ya foni mawu akuya chonchowo siitulutsa, imangowameza. Pa foni kolasi ikutha mwamtendere ngati nyimbo yogonetsa mwana. Munthu mmodzi uja anafunsa funso, ndikubetcha anali ndi mahedifoni.

Wa Kiyibodi anayankha:

Wamawaya, mwandivula. Ndangoimvera pa foni ya mwana wanga, nditaiika patebulo monga mmene anthu amachitira, ndipo kanoti kanga kulibe. Miyezi itatu ndikunyadira chinthu chimene anthu sanachimve n'komwe! Ndipo ine ndinali nditayamba kale kuwaweruza mumtima kuti samvetsera.

Mayi wa Alto, za pilo sindiulula, mwandigwira mtima. Koma akulu a kumbuyo, mawu anu a anthu obwera atagwirana manja andisowetsa tulo, chifukwa bambo uja wotumiza nyimbo kwa mkazi wake walembanso kuti agula matikiti awiri. Pali nyimbo ya mwana wamkazi wa m'banjamo, yothamanga, yomwe amafunsa bambo ake kuti nsapato zake ankavala saizi yanji chaka chimene iwo ankachoka. Bamboyo amalephera kuyankha. Imeneyo ndiyo tijambule Loweruka.

Kanoti kaja ndakakweza, tsopano kali m'mawu a woimba. Tayeserera madzulo ano ndipo kakumuvuta, akungotsetserekera ku noti yomwe khutu lake likufuna. Tabwereza kasanu ndi kawiri, wakhoza kawiri.