Kodi wogulitsa pa intaneti ayenera kutumiza chiphaso chake cha unzika kwa wogula?

Mayi wa mtedza, Santhe:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa malonda a pafoni. Ndimagulitsa mtedza wosenda ndi soya kudzera pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ogula ambiri ndi a ku Lilongwe, amene amatumiza ndalama pafoni, katundu n'kukwera galimoto zodzera ku Kasiya. Tsopano pali bambo wina amene akufuna matumba angapo a soya, koma akuti asanalipire ndimutumizire chithunzi cha chiphaso changa cha unzika mbali zonse ziwiri, chithunzi china nditachigwira m'manja, komanso ndimulondolere kunyumba kumene ndimasunga matumbawo. Iye sanandiuze ngakhale dzina lake lenileni. Kodi zimenezi n'zoyenera?

Kalaliki wopuma, Kasungu boma:

Amayi, chiphasocho musatumize. Pa chiphaso cha unzika pali dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nkhope yanu ndi nambala imene boma limakudziwirani, ndipo kuyambira m'chaka cha 2018 ndi chiphaso chomwechi chimene timalembetsera manambala a foni. Munthu wa mtima wakuba akachipeza atha kutsegula tsamba pa Facebook m'dzina lanu, n'kumatsatsa soya amene alibe, ndipo wogula akakayika amamuonetsa chithunzi chanu chija mutagwira chiphaso kuti akhulupirire. Ndalama zikalowa kwa iye, oberedwawo adzasaka nkhope imene anaiona, imene ndi yanu.

Ngati nkhawa ya bamboyo ndi yofuna kudziwa kuti ndinu yani, muuzeni kuti potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba dzina la mwini nambala limaonekera, choncho afananize dzinalo ndi limene mwamuuza. Zoposa pamenepo sizikukhudzana ndi mtengo wa soya.

Wogula mbewu, Kamwendo ku Mchinji:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku boma pa za chiphaso, koma tisafulumire kuweruza kuti wogulayo ndi tambwali. Ife ogula timaopanso, chifukwa alipo ambiri amene anatumiza ndalama ataona zithunzi za matumba odzaza bwino, kenaka foni ya wogulitsa n'kuzima mpaka kalekale. Chimene wogula amafuna kwenikweni ndi umboni woti katundu alipodi, ndipo umboniwo mutha kuupereka osadziika poyera. Muimbirane foni ya kanema, mumasule thumba limodzi, mutape soya m'dzanja kuti aone ngati ndi wouma ndi wopeta, kapena mujambule matumbawo mutaikapo pepala lolembedwa tsiku la lero. Akafuna kubwera yekha, mukumane pamsika masana, pamene pali sikelo ndi anthu okudziwani, katundu n'kubwera pa ngolo kapena pa njinga.

Za kunyumba ndiye ayi ndithu. Nyengo yogulitsa mbewu aliyense amadziwa kuti khomo limene muli matumba mumagonanso ndalama. Muzionetsetsanso zimene zili kumbuyo kwa matumba pojambula, chifukwa ena amajambula pakhonde, ndipo m'chithunzimo mumaoneka chitseko, njinga yamoto ndi nambala yake, ngakhalenso mwana atavala yunifolomu yosonyeza sukulu imene amaphunzira.

Mayi wa mtedza, Santhe:

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Za foni ya kanema ndamuuza, ndipo ndikudikira yankho lake. Koma mwandikumbutsa nkhani ina. Woyang'anira gulu lina la malonda pa WhatsApp anatiuza kuti wogulitsa aliyense amutumizire chiphaso kuti m'gulumo musalowe akuba, ndipo anzanga ambiri anatumiza kale. Nanga pamenepa titani, popeza cholinga chake chikuoneka chabwino?

Wophunzira zamalamulo, wa ku Nkhamenya:

Amayi, cholinga chingakhale chabwino, koma ziphaso zonsezo zili m'foni imodzi imene itha kubedwa, kugulitsidwa kapena kusiyidwa kwa wokonza mafoni. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la m'chaka cha 2024, ndipo bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi m'dziko muno, ndi limene linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa. Mfundo yake ndi yakuti wosonkhanitsa mbiri ya anthu azitenga zokhazo zofunika pa ntchito imene wanena, azizisunga mosamala, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wofunsa mmene zikugwiritsidwira ntchito ndi kupempha kuti zifufutidwe. Palinso lamulo la m'chaka cha 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lokhudza milandu ya pa intaneti. Komabe ine ndimaona kuti chithunzi chikangofalikira m'magulu, palibe lamulo limene lingathe kuchibweza m'mafoni onse.

Ngati woyang'anirayo ali pafupi, mukamuonetse chiphasocho pamaso, achione ndipo muchibweze m'chikwama osachijambula. Anzanu amene anatumiza kale amupemphe kuti afufute. Mungachitenso bwino kukhala ndi nambala yapadera ya malonda okhaokha, poti m'gulu la WhatsApp nambala yanu amatha kuiona ngakhale anthu amene simunalankhulepo nawo, koma muilembetse m'dzina lanu, osati la mwana kapena la mlamu wanu, kuti dzina lotuluka polipira lisasiyane ndi limene ogula akulidziwa.