Ndigule PS5 kapena ndikonze ma PS4 anga? Ndithandizeni maganizo

Akuluakulu a pagulu lino, moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zokambirana zanu chamumtima kwa nthawi yaitali, lero nane ndabwera ndi yanga. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Ndili ndi kachipinda ka magemu ku Chikanda kuno ku Zomba. Muli ma PS4 atatu, ma TV atatu a mainchesi 32, mabenchi awiri ndi mipando ingapo ya pulasitiki. Ndinayamba ndi imodzi yomwe alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, ziwiri zinazo ndinagula pang'onopang'ono. Makasitomala anga ambiri ndi ophunzira a ku Chirunga amene amachita lendi kuno, kenako anyamata a kabaza akaweruka madzulo. Ndiwo za pakhomo, lendi ndi fizi ya mwana wanga woyamba, zonse zimatuluka m'kachipinda kameneka.

Mwezi wamawa ku banki m'khonde akugawana, ndipo mayi a kunyumba avomera kuti gawo lawo lilowe mu bizinesiyi. Ndikaphatikiza ndi kangachepe komwe ndasunga, ikhoza kukwana PS5 imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito ndi padi imodzi yowonjezera. Ndikatero ndalama yonse yathera pomwepo.

Chomwe chandipatsa maganizo amenewa ndi ichi. Mnyamata wina watsegula malo ake chakumtunda kwathu, ali ndi PS5 ndi TV yaikulu, ndipo ena mwa makasitomala anga akale ndikumawaona akudutsa pakhomo panga ulendo wa komweko. Mmodzi amene wakhala akusewera kwa ine kuyambira ali chaka choyamba anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, gemu ndi yomweyo, koma kwanuku osewera akuthamanga ngati asenza thumba la chimanga." Mawu amenewa anandilasa, usiku wake sindinagone bwino.

Koma ndikayang'ana m'chipinda mwangamo, mavuto ndi ena. PS4 imodzi magetsi anaizimira gemu ili mkati sabata ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira tsikulo ikayaka imangoima pa sikirini yakuda nthawi yaitali, mwina ilowe mwina ikane. Ina fani yake ikulira ngati chigayo. Mapadi asanu mwa asanu ndi atatu ali ndi matenda aja oti wosewera amangoyenda yekha kulowera kumanzere iwe usanakhudze kanthu. Lachisanu lapitali anyamata awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makolala chifukwa goloboyi wa wina anachoka yekha pagolo mphindi yomaliza, winayo n'kugoletsa. Ndinabweza ndalama kwa onse awiri. Magetsi akazima ndiye basi, ndimabweza ndalama za magemu osatha, anthu n'kubalalika, ine n'kutsala ndikuyang'ana ma TV akuda.

Ndiye inu amene mumazidziwa zinthuzi, PS5 imodzi ingandibwezere anthu anga? Mapadi anga a PS4 angagwire ntchito pamenepo? Nanga pali wina akundigulitsa yotchipirapo yopanda polowetsa disiki, akuti magemu ndizichita kukopera pa intaneti, imeneyo ili bwanji? Ndalamayi si yanga ndekha, mayi akhala akuponya sabata ndi sabata chaka chonse, sindikufuna ndiwakhumudwitse.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Achimwene, ine ndine mmodzi mwa amene timasewera m'malo ngati anuwa, ndiye ndinene za mbali yathu. Kusiyana kulipo ndithu. Kuyambira pa gemu ya mpira ya FIFA 22, kampani yopanga gemuyi ya EA inayika kayendedwe katsopano ka osewera kotchedwa HyperMotion m'gemu ya PS5, ya PS4 inasiyidwa ndi kakale. Ndiye mnzathuyo sananame. Koma ineyo chimene chimandithamangitsa pamalo ndi padi yoyenda yokha. Kuluza chifukwa mnzako wakuposa umavomera, koma kuluza chifukwa cha padi, ndalama yako utalipira, subwererakonso.

Wokonza zamagetsi wa ku Mpondabwino:
Bambo, ndawerenga bwinobwino ndipo ndiyambe ndi yopanda disikiyo. Isiyeni. Pomwe Sony inatulutsa PS5 mu November 2020, ya disiki inali madola 499, yopanda disiki 399, ndiye kutchipa kwake ndi kwa kale, si chifundo cha wogulitsayo. Imeneyo inapangidwira munthu amene ali ndi intaneti yopanda malire m'nyumba. Gemu ya mpira imodzi ndi ma GB makumi angapo, werengerani nokha bandulo yake, osayiwala kuti netiweki ikhoza kuduka pakati. Chinanso, sitolo ya PlayStation ya pa intaneti ilibe Malawi pa mayiko ake. Ambiri amatsegula akaunti ya South Africa, ndipo khadi yolipirira imayenera kukhala ya dziko lomwelo la akauntiyo, apo ayi imakana. Madisiki onse a PS4 muli nawowo sangalowe paliponse. Pomwe ya disiki imalandira pafupifupi magemu onse a PS4, ndipo disiki mukatopa nayo mumagulitsa kapena kusinthana ndi mnzanu.

Za mapadi, yankho ndi lapakati. Padi ya PS4, yotchedwa DualShock 4, imagwira pa PS5 pokhapokha mukusewera gemu ya PS4. Gemu ya PS5 yeniyeni imafuna padi ya PS5, yotchedwa DualSense. Tsono taonani msampha wake: mukayika disiki yanu ya PS4 mu PS5 n'kumagwiritsa mapadi akale, anyamatawo aona kathamangidwe komwe kaja akudandaula. Kuti aone kusintha, mufunika gemu ya PS5 ndi mapadi a PS5 awiri, ndipo pamalo ngati anu pamafunika yachitatu yodikirira ina ikamatchajidwa. Mwaziwerengera zimenezo?

Palinso TV. PS5 imadziwika ndi 4K ndi zithunzi zofika 120 pa sekondi, koma zimenezo zimafuna TV yoti ingathe kuzionetsa. Pa ka mainchesi 32 kanuko theka la ubwino womwe mwalipira simuuona.

Tsopano ma PS4 anuwo. Yomwe ikuima pa sikirini yakudayo musaiwerengere kuti yafa. Izimitseni kotheratu, kenako dinikizani batani loyatsira osalisiya mpaka ilire kachiwiri, pamatenga masekondi pafupifupi 7. Lumikizani padi ndi chingwe cha USB, mulowa mu Safe Mode. Sankhani nambala 5, Rebuild Database. Sichifuta magemu anu, chimangosanja bwino zomwe zinasokonekera magetsi atazima. Ikakanabe, kawirikawiri ndi hard disk, ndipo ya PS4 ndi yofanana ndi ya laputopu ija ya mainchesi 2.5, imatuluka mukamasula sikuluu imodzi. Mumayikamo ina, n'kulowetsanso pulogalamu yake kudzera pa fulashi. Pa PS5 chosungira chake cha mkati anachiwotcherera pa bodi, chikavuta si ntchito yoti aliyense wa mumsika angaigwire.

Yolirayo ndi fumbi. Ndikatsegula ma PS4 a m'malo a magemu ndimapeza fumbi litagwirana ngati thonje kuseri kwa fani, nthawi zina ndi mphemvu zomwe, chifukwa zimakonda kufunda kwa m'menemo. Kuipukuta ndi kupaka thermal paste watsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha m'makinamo), phokoso limatsika. Muichotsenso pansi, muiyike pa shelefu pomwe mphepo ikudutsa, makamaka October akafika.

Mwini funso:
Akulu, mwanditsegula maso pa nkhani ya mapadi. Ine ndimaganiza kuti ndingolumikiza akalewa basi. Zoti ili pansi mwalondola ngati munafikako, ili pa simenti pafupi ndi khomo pomwe anthu amapondapo ndi nsapato za fumbi. Safe Mode ndiyesa usiku uno ndikatseka.

Mayi wa ku Sadzi:
Ine za makinazi sindizidziwa, koma ndine kholo. Bambo, chilichonse mugule, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ana a yunifolomu musawalole nthawi ya sukulu. Wanga wa Sitandade 7 ndinamupeza pamalo ena otere 10 koloko m'mawa, ndalama ya mandasi atalipira gemu, akuonera anzake akuwomberana mu GTA. Pa chikuto cha gemu imeneyo analembapo 18 moonekeratu. Sindikunena kuti ndi kwanu, koma mutiganizire.

Mwini funso:
Mayi, ndamva ndipo sindikutsutsani. Kwanga wa yunifolomu salowa mpaka ataweruka n'kukasintha kunyumba, ndipo GTA V ndimaitulutsa usiku okhaokha akulu atatsala. Nanenso ndili ndi mwana wa msinkhu womwewo. Ndalama ya mandasi ya mwana sindiifuna.

Mnyamata wa ku Matawale:
Aise, osavutika. Pita nazo kwa anyamata akazipange jailbreak, ndiko kuthyola chitetezo cha makinawo, akuthirira magemu ambirimbiri ulere. Kapena ika gemu ina ya mpira ya eFootball, ndi yaulere kale.

Wokonza zamagetsi wa ku Mpondabwino:
Mphwanga, eFootball ndi yaulere zoona kuyambira pomwe Konami inasintha dzina la PES mu 2021, koma imadalira intaneti, ndiye ulere wakewo ulipira ndi bandulo. Za jailbreak sindingawalimbikitse bambowa. Magemu ake ndi obedwa, imatheka pa pulogalamu zakale zokha, ndipo makina otero sulowa nawo pa intaneti ya PlayStation. Pa bizinesi yomwe ikudyetsa banja, ayi.

Bambo wa ku Chinamwali:
Ine ndinali ndi malo ngati anuwa zaka zinayi, ndiye ndilankhule ngati mnzanu. PS5 imodzi ndi anthu awiri pa nthawi imodzi. Ma PS4 atatu amoyo ndi anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikiza oonerera omwe akudikira mzere. Mtengo wa gemu pa PS5 mukhoza kukweza pang'ono, koma wophunzira wa ku Chikanda thumba lake mukulidziwa, ndipo sukulu ikatseka Chikanda amakhala zii, makina odulawo azingokhala. Kumbukiraninso kuti chilichonse cha PS5 n'chochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zoterezi inakwera nthawi yomweyo, ndipo padi imodzi ikafa mudzaimva.

Chomwe chinandipindulira ine chinali batire ndi inverter. Tsiku lomwe magetsi azima dera lonse, anyamata alibe kopita, mafoni athima, kuhositeli kuli mdima. Malo okhawo omwe TV ikuwala ndi omwe amadzaza mpaka pakhonde. Mnzanu wa kumtundayo ngati alibe batire, tsiku limenelo anthu ake onse atsikira kwa inu. PS5 pa gemu yolemera imakoka pafupifupi mawati 200, PS4 Slim siyandikirako, ndiye batire lomwelo limakutengerani kutali ndi makina akalewa. Komanso ndi batire, kuzima kwadzidzidzi komwe kwakudwalitsirani makina amodziwo kumatha.

Musaope kuti gemu ya mpira yasiya PS4. Dzina la FIFA linathera pa FIFA 23, kenako kunabwera EA Sports FC 24 mu 2023, ndipo FC 25 ndi FC 26 zonse zinatuluka pa PS4. Anyamata chomwe amafuna kwambiri ndi kupeza osewera atsopano ali m'matimu awo, wa Chelsea asapeze munthu yemwe anagulitsidwa kalekale akadali kutsogolo. Gulani disiki yatsopano. Tsiku lina EA idzasiya kutulutsa za PS4, makinawa ndi a 2013, ndiye PS5 muiyike m'mapulani, koma ndi phindu la m'chipindamo, osati ndi ndalama ya mayi ya chaka chonse.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Za batirezo bambowa anena zoona. Muwonjezere ekisitenshoni yoti tizitchajirapo mafoni tikusewera, muona.

Mtsikana wa ku Ndola:
Pogula mapadi samalani, abodza achuluka ndipo bokosi lake limaoneka ngati lenileni. Ine ndinagulako ina pa shopu ina, miyezi iwiri yokha inayamba kuyenda yokha. Yabodza imapepuka m'manja ndipo mabatani ake amalira mokhotchola. Pitani ndi padi yanu yeniyeni mukaziyerekeze, ndipo muiyese pa makina musanapereke ndalama. Akakana kuti muyese, tulukani.

Mwini funso:
Ndabweranso, abale anga. Usiku ndinachita monga ananenera akulu a ku Mpondabwino. Inalira kachiwiri, ndinasankha nambala 5, kamzere kanayenda pang'onopang'ono ine mtima uli m'mwamba, kenako inalowa. Lero m'mawa ndaiyatsa katatu ndipo katatu konse yalowa bwinobwino. Mayi a kunyumba ndawawerengera mayankho onse pa foni tikumwa tiyi, ndipo pomwe panawagwira mtima ndi pa nkhani ya batire, chifukwa iwo ndi amene amandiona ndikubwera msanga madzulo magetsi akazima.

Tagwirizana kuti tiyambe ndi batire ndi inverter, mapadi anayi enieni ndi disiki yatsopano ya mpira. Ya PS5 sindinaitaye, mawu a mnyamata uja akadali m'mutu mwanga, koma idikire kaye.

Chatsala ndi ichi. Bambo a ku Chinamwali, batire lanu linali lalikulu bwanji, ndipo linkakutengerani maola angati ndi ma TV angati? Ine ndikufuna loti lipirire kuyambira 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9, ngakhale litanyamula makina awiri okha. Ndipo akulu a ku Mpondabwino, yolira ngati chigayoyo ndikufuna ndibwere nayo Lolemba m'mawa anthu asanayambe kufika, ndilembereni kumbali mundilondolere pomwe mumakhala.