Thandizeni msanga: vidiyo ya mabomba a ku Gaza, ndiulutse kapena ayi?

Mtolankhani, Ulónguè:
Anzanga, nkhani zamadzulo zayandikira ndipo abwana andikakamira. Pa WhatsApp pakuyenda vidiyo, akuti ndege za Israel zaphulitsa njira zapansi panthaka za Hamas usiku wathawu. Mdima ndi moto basi, palibe chikwangwani kapena nyumba yoti n'kuzindikira malo. Google Lens, yofufuzira komwe chithunzi chinachokera, sikundipatsa kanthu, netiweki ikungodukaduka. Akufuna ipite pa Facebook ya wailesi, ndiiwerengenso pamphepo. Nditani?

Mkonzi, Moatize:
Achimwene, chithunzi chimodzi sichikwana. Iduleni mu InVID, pulogalamu yofufuzira mavidiyo, mufufuze zidutswa zingapo. Zina zotere n'za Meyi 2021, pomwe anaphulitsa njira zija ankazitcha "metro". Zinanso n'za gemu ya nkhondo ya pa kompyuta ya Arma 3, zinapusitsa anthu ambiri mu Okutobala 2023. Ikakanika kutsimikizika, musaiyike.

Mdala, Tsangano:
Isiyeni nkhaniyo. Alimi akudikira mtengo wa feteleza ndi wa kachewere.

Mlembi, Dómuè:
Ngakhale itakhala yeniyeni, samalani ndi mawu oti "zagunda njira zapansi". Wanena ndani? Asilikali omwe aponya bombawo. Pamwamba pa njirazo pamagona anthu. Pa 16 Meyi 2021, mumsewu wa al-Wehda, nyumba zinagwa n'kupha anthu oposa 40, ana ali momwemo, asilikali n'kunena kuti ankalimbana ndi zapansi. Werengani kuti "asilikali a Israel ati", kenaka "unduna wa zaumoyo ku Gaza wati". Chiwerengero chilichonse chikhale ndi mwini wake.

Mdala, Tsangano:
Amayi, zonsezo n'zoona, koma mwanayu ali yekha mu situdiyo, atsimikiza ndi chiyani? Ndanena, isiyeni.

Wamakina, Tete:
Akulu, sindikuvomereza. Wiriyamu ili pafupi nafe pano. Disembala 1972 Apwitikizi anayamba ndi ndege, kenaka asilikali awo analowa m'midzi n'kupha anthu ambiri. Atsamunda anakanitsitsa, dziko linadzamva mu Julayi 1973 italembedwa mu nyuzipepala ya ku Britain ya The Times. Akanati n'zakutali, ndani akanadziwa? Komanso m'nkhondo yathu yapachiweniweni ya ku Mozambique ija, anthu a kwanuko atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ankakhala khutu lili pa wailesi.

Mdala, Tsangano:
Ndinali nawo, musandiuze. N'chifukwa chake ndikuti phokoso la mabomba musaliike pamphepo. Alipo okalamba amene akangolimva sagona.

Mkonzi, Moatize:
Apo pokha ndagwirizana nanu, phokosolo lichotsedwe. Achimwene a ku Ulónguè, InVID yatseguka? Ngati intaneti ikuvutabe, tumizeni vidiyoyo kuno ndiyese pa kompyuta yathu magetsi asanazime.