Mwala uwu ndi apatite kapena herderite? Thandizeni msanga

Wa ku Marávia: Akuluakulu mutu wandiima. Anyamata andibweretsera mwala wobiriwira motuwa, ukadali pa thanthwe lake pamodzi ndi mica, wogula wina mu Tete akuti ndi apatite wamba andipatsa ya chapa (minibasi) basi, wina pa WhatsApp akuti mwina ndi herderite ndisathamangire. Mpeni ukukanda ndiye aquamarine ayi. Nditchule mtengo wanji??

Madala a ku Moatize: Apatite ameneyo. Ku Monte Muande ngwambirimbiri. Gulitsani mudye.

Wa ku Ulónguè: Madala musafulumire, mpeni sungasiyanitse, yonse iwiri kulimba kwake kuli cha pa 5 pa muyeso wa kulimba kwa miyala wofika 10. Achimwene werengani mbali, apatite amakhala ndi mbali 6 ngati pensulo pomwe herderite amaoneka ngati mphano. Kenako muuyeze pa sikelo, muumange ulusi muumize m'kapu ya madzi ili pa sikelo osagunda pansi, muone kulemera komwe kwawonjezekera pa sikelo, mugawe kulemera kwa mwala kuja ndi nambala imeneyi. Apatite amabwera cha pa 3.2, herderite cha pa 3.0, koma poti uli pa thanthwe nambala ikunamizani, yesani kachidutswa koyoyoka kokha ngati kalipo.

Madala a ku Moatize: Dontheza asidi uone, apatite ameneyo ine ndinayamba miyala inu musanabadwe.

Mayi wa ku Zóbuè: Asidi AYI chonde! Mlamu wanga anatsuka wake mu asidi wa muriático kuti awale, m'mawa anapeza wadyeka ngati sopo, azungu osonkha miyala sanaufunenso ngakhale waulere. Ndipo musaugumule pa thanthwe, iwowa amalipira nsonga yosasweka ndi dzina la malo omwe watuluka, sagula poyeza kulemera ngati golide.

Wa ku Ulónguè: Zoona amayi. Komanso dzina lenileni ndi la ku labu basi, yambiri yomwe amati herderite imapezeka kuti ndi hydroxylherderite. Ukakhala wofiirira komanso wolemera kwambiri, cha pa 5 pa kuyeza kwa m'madzi kuja, samalani mwina ndi monazite, uli ndi thorium wotulutsa cheza choopsa, osasunga kuchipinda kogona.

Madala a ku Moatize: Labu ya chani, ndalama ya ulendo wa ku Maputo iposa mwalawo. Apatite.

Mayi wa ku Zóbuè: Nanga mapepala muli nawo achimwene? Osayerekeza kuwoloka nawo malire opanda licença, pano amalanda ndi chikwama chomwe. Paja ya INAMI (bungwe la boma loona za migodi) ija masiku ano ikutenga nthawi yaitali bwanji, alipo watulutsa chaka chino?